A Fanuel Anenerera Dzina la Amayi Awo

Pa msika wa Katete palibe wogulitsa amene sawadziwa a Fanuel Mvula, ndipo palibe amene amakondwa akawaona akutulukira cha kumabasi ndi kachikwama kawo kothothoka zipi. Amayi a tomato amavundikira dengu ndi chitenje. A salaula, aja a zovala zakale, amayamba kuyang'ana kumwamba ngati amva ndege. Munthuyu si wakuba, si chidakwa, satukwana. Nthenda yawo ndi imodzi: chibadwire sanagulepo kanthu pa mtengo umene mwiniwake watchula, ndipo amanyadira zimenezo monga anzawo amanyadira mwana amene wapita ku yunivesite.

Anabadwira m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika, mwana wachisamba wa amayi Abigail, aja ankagulitsa chiponde m'mbali mwa msewu waukulu pamene mabasi a ku Chipata amaima. Amene anawadziwa amayiwo amafunsabe mpaka lero kuti mwanayu anatengera yani. Iwo ukagula kachitini kamodzi ankakuthirira supuni ya mbasela, ukathokoza n'kuthiranso ina. Mtedza ankasankha okha, umodzi umodzi, wachuku n'kutaya kudzala. Chimene sankafuna kumva n'komwe ndi juga. Amuna awo analuza ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe pa makhadi ku Sinda, n'kuthawira ku migodi osabweranso, ndiye kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo simunkalowa khadi ngakhale loseweretsa ana. Amayiwo analera ana awiri ndi mtondo ndi munsi, Fanuel ndi mlongo wake wamng'ono Emelia.

Luso la a Fanuel linayamba ali pa sukulu, ndipo silinasinthe mpaka imvi. Amanyamula chinthu, kuchitembenuza, kuchinunkhiza, n'kuchipezera chilema ngakhale chilibe. Akamva mtengo amaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamva nthabwala yosakoma. Kenaka amatchula wawo, wochititsa manyazi. Wogulitsa akakana, amachiika pansi mwaulemu, n'kutembenuka, n'kumapita. Apa ndiye pagona ukatswiri wonse. Sapita mothamanga ayi. Amayenda monyang'wa, phewa limodzi litatsalira kumbuyo, khutu lili tcheru, akuwerenga mapazi mumtima. Amati wogulitsa aliyense pa dziko lapansi amaitana lisanakwane phazi lachisanu ndi chiwiri. "Bwerani, abwana, tengani." Mawu amenewo kwa iwo amakoma kuposa kwaya ya pa Pasaka. Akabwerera salipira msanga, amayamba apempha mbasela.

Nyumba yawo mukaiona simufunsa mwiniwake. Malata ndi a mitundu itatu, chifukwa anagulidwa pa malonda atatu a anthu amene anali pa mavuto. Chitseko n'chachifupi ndi zala zinayi, nkhuku zimalowa osawerama. Njinga yawo ili ndi tayala la kutsogolo laling'ono kuposa la kumbuyo, moti amaoneka ngati akutsetsereka ngakhale pamtunda. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi nkhani yake ya chipambano, ndipo mukakhala pansi pakhonde pawo mudzazimva zonse, popanda kapu ya tiyi.

Ngakhale mkazi anamupeza motero. Pokambirana za chimalo ku Sinda, kwawo kwa a Florence, akuchikazi atatchula ndalama, mkwati mwiniwake, amene sankayenera kutsegula pakamwa, anadzuka pamphasa, kusasa fumbi ku thalauza, n'kuloza njira ya ku Katete. Akuchikaziwo anawaitana ali pa mtengo wa mango, phazi lachisanu. Nkhani imeneyi amaifotokoza okha pa maukwati a eni, a Florence ali pomwepo akutsuka mbale. Mayiyo amangoyankha chapansipansi m'Chinsenga chakwawo, mawu amene palibe wafunapo kuwamasulira.

Koma chimene anthu a ku Mkaika sanawakhululukire ndi cha bokosi. Amayi Abigail atamwalira, thupi lili m'nyumba, amayi a chigwirizano akuimba panja, a Fanuel anapita kwa kalipentala ku boma. Anagogoda bokosi ndi chala n'kunena kuti thabwa lake ndi laliwisi. Anatchula mtengo wawo, kalipentala anakana, iwo anatembenuka. Kalipentalayo, munthu amene anakula akudya chiponde cha malemuwo, anawaitana chifukwa cha manyazi owachitira basi. A Fanuel anafika pa maliro dzuwa litapendeka, adzukulu atatopa ndi kudikira pa manda, iwo nkhope ili ngwee. Ananong'oneza aliyense amene anakhala naye pafupi kuti bokosilo alitsitsa ndi theka.

Emelia ndiye anatola mtondo wa amayi ake. Ndi mkazi wosalankhulalankhula, wamanja olimba, amene anthu amamutchula kuti amake Tawonga. Anayamba ndi zitini zomwe zija, kenaka anagula kachigayo ka magetsi, kenaka anachita lendi kachipinda kuseri kwa msika n'kuyamba kuthira chiponde m'mabotolo. Pa botolo lililonse ankamata pepala la chithunzi cha amayi ake atavala duku loyera la chigwirizano, pansi pake mawu akuti Chiponde cha Amayi Abigail. Anthu ankagula dzinalo asanalawe n'komwe. Emelia anapatsa achimwene ake ntchito yokagula mtedza ku Vubwi, kumalire, ndipo kunena zoona ntchito imeneyo ankaitha, ngakhale alimi a kumeneko akawaona ankabisa matumba. Komanso iwo ndiwo mlongo wamkulu, mwini mbumba. Nkhani iliyonse yaikulu ya pa banja la amayi Abigail inkayenera kudutsa m'manja mwawo, ndipo Emelia, mwana woleredwa bwino, sankalumpha mwambo.

Za intaneti zinabwera ndi eni masitolo a ku Lusaka. Ankadandaula kuti akafuna kuitanitsa makatoni samupeza, popeza foni ya Emelia inkalirira m'thumba la epuloni chigayo chikubuma. Ndiye tsiku lina iye ndi achimwene ake anapita kwa a Pamela Njobvu, mayi wa magalasi amene ali ndi shopu yosindikiza moyang'anana ndi siteshoni ya mabasi. Ndi iwowo ankasindikiza mapepala a pa mabotolo.

A Pamela anafotokoza mosazungulira. Tsamba la pa intaneti akonza okha, zithunzi, mitengo, ndi malo pamene wogula angalembe zimene akufuna. Koma tsambalo limafuna dzina limene munthu amalemba pa foni kuti alipeze, ndipo dzinalo limalembetsedwa ku kampani yolembetsa mayina.

"Chimene ndifuna mumvetse ndi ichi," anatero a Pamela. "Dzinali simugula ngati mbuzi. Mumachita lendi chaka ndi chaka. Nthawi ikatha osalipira, limachoka m'manja mwanu, ndipo aliyense pa dziko lapansi akhoza kulitenga."

"Angafune dzina la amayi athu ndani?" anaseka a Fanuel.

"Alipo amene ntchito yawo ndi yomweyo, kudikira mayina akugwa. Ine anthu anga ndimawatumiza ku kampani ina ya ku Lusaka. Ndi makwacha mazana anayi pa chaka, chaka chino ndi chamawa chimodzimodzi. Mukaimba foni amayankha munthu, Chinyanja amamva, ndipo mumalipira pa foni pomwepo."

A Fanuel anachita kuseka kwawo kuja. Anapempha kuti awaonetse ogulitsa ena onse, monga amachitira pa mzere wa tomato. A Pamela anatembenuza kompyuta monyinyirika. Chala cha a Fanuel chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinaima pa kampani ina yakunja, ya zilembo zofiira zothwanima, imene inkati makwacha makumi atatu basi, ndi imelo yaulere pamwamba pake.

"Onani, mpaka mbasela," anatero.

"Umenewo ndi mtengo wa chaka choyamba, a Mvula. Wa chaka chachiwiri aubisa pansi apa, pa timalemba timene ngakhale magalasi angawa sakutiona bwino. Ndipo amenewa alibe foni. Zikadzavuta mudzalankhula ndi yani? Tsiku limene mudzafune kusamutsa dzinali adzakumasulirani mosavuta? Zimenezo ndiye zofunsa, osati mbasela."

"Chaka chachiwiri tidzakambirana nawo."

"Sakambirana."

"Mayi, ine ndakambirana ndi anthu a ku Mozambiki osamvana chilankhulo. Palibe wogulitsa amene sakambirana."

Emelia anayang'ana a Pamela, anayang'ana achimwene ake. Mumtima ankafuna za ku Lusaka, ndipo ndalama yake anali nayo pa mfundo ya chitenje. Koma akanawatsutsa bwanji pamaso pa munthu wapadera? Anangoti, "Mmene mwaoneramo, achimwene." A Pamela anayesa komaliza. Anati basi dzinalo lilembedwe kuti mwiniwake ndi Emelia, mauthenga azipita ku foni yake. A Fanuel anakhosomola. Dzina la amayi, mwini mbumba ali moyo, likalembedwe kwa wamng'ono? Linalembedwa kwa iwo, pa imelo yawo, ndipo mawu achinsinsi olowera analemba pa kapepala n'kuika m'kachikwama kothothoka zipi kaja.

Chaka chimenecho chinayenda bwino, ndipo ndi chimene chinawawonjezera matama. Makatoni ankakwera basi ya ku Lusaka Lachiwiri lililonse. Emelia analemba ntchito amayi awiri othandiza kusankha mtedza. Dzina la pa intaneti lija analiwonjezera pa mapepala a mabotolo, pansi penipeni pa chithunzi cha amayi, ndipo a Fanuel anaumirira kuti asindikize zikwi zambiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike. Analilembetsanso ndi penti pa khoma la kachipinda kaja. Nkhani ya makwacha makumi atatu inalowa m'gulu la nkhani ya malata ndi ya mtengo wa mango. Ankaifotokoza pa nsolo, kwa wometa, pa maliro, n'kumaliza ndi kunena kuti anthu ophunzira ngati a Pamela ndiwo amaberedwa masanasana.

Patatsala mwezi umodzi kuti chaka chithe, uthenga unalowa pa foni yawo. Unali wa Chingerezi, koma nambala anaiona bwinobwino: makwacha mazana asanu ndi anayi. A Fanuel anawerenga ali pa benchi kwa wometa, n'kumwetulira. Mtengo woyamba umenewo. Amalipira mtengo woyamba ndani? Anayankha ndi Chingerezi chawo cha giredi seveni, kunena kuti dzinalo ndi lalitali, anthu amavutika kulilemba, moti iwo apereka makwacha makumi asanu. Inde, chilema anachipeza pa dzina la amayi awo omwe. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lakuti uthenga wa ku keyala imeneyo suwerengedwa ndi munthu. Iwo anati kumeneko ndiye kukana kwa wogulitsa, n'kuika foni m'thumba. Anali atatembenuka. Limenelo linali phazi loyamba.

Uthenga wachiwiri unabwera patatsala masabata awiri, wachitatu patatsala sabata. A Pamela, amene tsikulo anali atalilemba pa kalendala yawo, anakumana nawo pa msewu n'kuwafunsa ngati alipira.

"Zili m'manja," anatero a Fanuel.

"Bwerani ndi kapepala kaja ku shopu, tithane nazo lero."

"Mayi, inu muzisindikiza. Zogula tisiyireni ife."

Wachinayi, wa zilembo zofiira, unabwera patatsala tsiku limodzi. Munthu wina aliyense mtima ukanakhala m'mwamba. A Fanuel anaonetsa anzawo pa nsolo. "Mukuona? Andilembera kanayi, ine kamodzi. Akuvutika ndani pamenepa?" Kwa iwo makina aja, amene amatumiza uthenga womwewo kwa anthu zikwizikwi osadziwa ngakhale kumene Katete ali, anali mayi wa tomato amene dzuwa lamulowera dengu lili lodzaza.

Tsiku linakwana, tsamba linazima. Emelia anadziwa patapita masiku atatu, mwini sitolo wina wa ku Lusaka ataimba kufunsa ngati bizinesi yatsekedwa. Anasiya chigayo n'kuthamangira kwa a Pamela. Iwo atafufuza anavula magalasi.

"Sanalipire. Koma khomo silinatsekeke lonse. Dzinalo amalisunga masabata angapo kuti mwiniwake aliombole, kungoti tsopano pali chindapusa pamwamba. Zakwana zikwi ziwiri. N'zowawa, koma lipirani lero, kenaka tilisamutsire ku Lusaka kuja. Ine sindingalowemo popanda kapepala kali ndi achimwene anu."

Emelia sanakalipe. Anawapeza achimwene ake pakhonde akusoka nsapato imene inayenera kutayidwa zaka zitatu zapitazo. Anagwada monga mwa masiku onse, anatulutsa ndalama imene ankasungira chigayo chachiwiri, yomanga ndi labala, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Achimwene, ndapota nanu. Pitani kwa a Pamela lero ndi kapepala kaja. Musanenerere. Ndi dzina la amayi."

"Amake Tawonga, munandionapo liti ndikuluza? Mtengo ukakwera chonchi ndiye kuti atsala pang'ono kugonja. Akufuna aone ngati tili ndi mantha."

"Ine mantha ndili nawo."

"Chabwino, ndamva. Ndipita."

Anapitadi, koma anapitirira shopu ya a Pamela n'kukwera minibasi ya ku Chipata, kuchoka kumeneko lole ya ku Vubwi. Musaganize kuti ankafuna kudya ndalamayo. A Fanuel sanadyepo ngwee ya munthu. Kwa iwo ndalama si yodya, ndi yoyang'ana. M'mutu mwawo munali chithunzi chimodzi chokha: iwo akubwerera, akuika theka la ndalamayo pa tebulo la Emelia, a Pamela ndi magalasi awo atasowa chonena. Ndipo kukanakhala kuchokapo kwina koposa kupita ku Vubwi, m'midzi imene netiweki imachita kufunidwa pa chulu? Ati a kampaniwo aone kuti munthuyu wapitadi.

Anakhala kumeneko mwezi wathunthu. M'mawa ankazunza alimi pa sikelo, kuluma mtedza n'kunena kuti sunaume. Dzuwa likapendeka ankakwera pa chulu kuseri kwa sukulu, kukweza foni m'mwamba, kudikira. Emelia ankaimba, iwo osayankha, poti munthu ali pakati pa kunenerera sayang'ana kumbali. Emeliayo anatumiza uthenga kudzera kwa dalaivala wa lole kuti ngati n'kotheka angotumiza kapepalako, dalaivala anabwera ndi yankho lakuti adikire pang'ono, zatsala pang'ono kupsa. Mauthenga a kampani ija anabwera awiri, kenaka anasiya. A Fanuel anauza mwini nyumba imene ankagonamo kuti kukhala chete kumeneku amakudziwa. Ndi kwa phazi lachisanu ndi chimodzi, wogulitsa akumeza malovu asanaitane.

Anabwerera Lachinayi masana, atakhala pamwamba pa matumba a mtedza ngati mfumu. Anapeza kachipinda ka chiponde kotseka, chigayo chili zii. Woyandikana naye anawalozera kwa a Pamela osawapatsa moni. Kumeneko anapeza Emelia atakhala pa mpando, ndi mayi wina wachikulire wa chigwirizano cha ku Mkaika, amene anatsogolera nyimbo pa maliro a amayi Abigail. A Pamela anakoka kompyuta pafupi. Analemba dzina lija pa kompyuta, chilembo chimodzi chimodzi, n'kuitembenuzira kwa a Fanuel.

Tsamba linayaka. Pamwamba penipeni panali dzina la amayi Abigail, monga lilili pa botolo. Pansi pake makhadi akuuluka, mawilo a manambala akuzungulira, ndalama zikugwa ngati matalala, ndi mkazi wovala zosakwana akukodola ndi chala. Zilembo zina zonse zinali za dziko limene palibe m'chipindamo ankalidziwa, koma juga aliyense anaizindikira.

"Nthawi yoombola inatha sabata yatha," anatero a Pamela. "Lolemba analitenga."

Mayi wa chigwirizano uja analankhula maso ali pansi. "Mkamwini wanga ku Chipata anagula botolo, n'kulemba pa foni zimene zili pansi pa chithunzi. Wandifunsa kuti kodi a Abigail amene mumawatama aja anasiyira ana awo bizinesi yotereyi? N'chifukwa chake ndabwera ndekha kudzaona."

Munthu wina akanagwa pansi. A Fanuel anakoka mpando, anakhala, anasanjikiza miyendo, n'kufunsa funso limodzi lokha limene moyo wawo wonse unawaphunzitsa.

"Akufuna zingati?"

"Ndani?" anatero a Pamela.

"Amene atengawo."

"Palibe akugulitsa, a Mvula. Dzina lawo labisidwa, dziko lawo sitikulidziwa, foni palibe. Iwo akufuna anthu amene azilemba dzinali pa mafoni, ndipo anthuwo mwawapatsa kale. Mabotolo ali m'masitolo ku Lusaka, ku Chipata, ku Petauke. Muwatolera bwanji?"

Pamenepo a Fanuel anachita chinthu chimene mpaka lero amachiyesa cha ulemu. Anatsegula kachikwama, anatulutsa ndalama ija, labala ali pomwepo, n'kuiika pa tebulo pamaso pa mlongo wawo.

"Ndalama yanu ili yonse, amake Tawonga. Sindinawapatse ngakhale ngwee."

Emelia anaiyang'ana. Anali asanalire chiyambire nkhaniyi, ndipo sanalire. Anaikankhira kwa a Pamela, n'kunena kuti alembetse dzina lina ku Lusaka kuja, mwiniwake iye, foni yake, alipire zaka zisanu nthawi imodzi.

"Dzina liti?" anafunsa a Pamela.

"La Tawonga. Ndipo amayi muwachotse pa botolo, chithunzi ndi dzina lomwe. Sindifuna munthu aone nkhope yawo n'kukawafunafuna pa foni."

A Pamela anagwedeza mutu. Mayi wa chigwirizano anakoka chitenje kumaso.

"Ine ndimafuna kukupulumutsirani ndalama," anatero a Fanuel.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi, ndili chogwada." Emelia anaimirira, anamanga chitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake analankhula nawo ali chilili. "Bambo anatenga ng'ombe za amayi kupita nazo ku juga. Inu mwatenga amayiwo. Mtedza mutsitse pa khomo. Ku Vubwi ndizipita ndekha, ndipo nkhani za ana anga musavutike nazo."

Anatuluka. A Fanuel anamutsatira mpaka pa khomo la shopu, n'kuima pamenepo osadandaula kwenikweni, chifukwa kuchokapo ndi ntchito imene amaidziwa kuposa munthu aliyense m'boma la Katete. Anayang'ana phewa, ngati latsalira kumbuyo. Anayang'ana khutu. Anayamba kuwerenga mumtima. Limodzi, awiri, atatu. Mapewa a Emelia anali owongoka, ndipo ankayenda mwachangu monga munthu amene ntchito ikumudikira. Asanu ndi limodzi, asanu ndi awiri. Asanu ndi atatu.

Ndi pamenepo zinawatulukira kuti pa malonda amenewa wotsala chilili ndi iwo, ndipo wotsala ndiye amaitana. Zaka zonsezi anali asanaitanepo munthu. Sankadziwa kuti amayamba ndi mawu ati, sankadziwa chimene angatsitse kuti abwerere. Anatsegula pakamwa mlongo wawo atafika kale pa amayi a tomato. "Emelia," anatero, dzina limene anali asanalitchule chikwatiwire mwanayo. Linatuluka laling'ono, ndipo basi ya ku Lusaka inali ikuliza hutala. Emelia anakhota pa kona ya msika.

Khoma lija analipaka laimu sabata yomweyo. Mabotolo a masiku ano ali ndi chithunzi cha mtedza basi, ndipo chiponde chikugulidwabe, ngakhale okalamba amatembenuza botolo kufunafuna duku loyera. Tawonga atapeza banja chaka chatha, a Fanuel anamva za chimalo kwa wometa.

Iwo akadalipo pa msika ndi kachikwama kawo, kapepala kaja kali momwemo. M'mawa uliwonse amalemba dzina la amayi awo pa foni kuti aone ngati anthu aja atopa. A Pamela anawauza kuti aliyense amene walemba dzinalo amawonjezera chifukwa chakuti eni jugawo asalisiye. Iwo anachita kuseka kwawo kuja, n'kunena kuti chaka chikatha adzafewa. Amalembabe, ndipo tsamba limayaka, dzina la amayi Abigail pamwamba, makhadi pansi.